Malo Apezeka ku Nansongole

Lolemba, 11 Okotobala 1976

Ndapalasanso njinga mpaka ku Jali. Kupositi kulibe kanthu. Kalaliki uja masiku ano sadikira n'komwe kuti ndifunse, amangopukusa mutu ndikadali pakhomo.

Masukulu anatsegula kalekale, ine ndikadali pano kutembenuza matemba pathandala la anjomba a Hamisi, alongo awo a amayi, dipuloma ili phee m'sutikesi. Padoko la Kachulu anditcha kale dzina, akuti "aphunzitsi a matemba". Ndimaseka nawo, nanga n'kutani, koma zikundiwawa. Tsiku lotsanzikana kukoleji, a Chimbalanga, amene amatipezera malo ife ophunzira zauphunzitsi, anandigwira paphewa n'kunena kuti wa Jogalafe sasowa sukulu, ndipite kwathu ndikadikire. Ndadikira mpaka buluku layamba kukhwepa.

Meshack, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi kukoleji, positing'i yake inatuluka msanga. Ali kusekondale ya Nansongole, nyumba ya malata, akuti mpopi uli pakhomo pomwe. Tinakhoza chimodzimodzi. Nsanje ndili nayo, ndisaname.

Lachitatu, 13 Okotobala

Nkhani ya mapu ija yandibwereranso. Chaka chatha pa pulakatisi yauphunzitsi, ine ndi Meshack (ndizingolemba M.) tinapatsidwa kalasi imodzi. Pakhoma panali misomali iwiri, wam'munsi pali chithunzi cha Mkulu wa dziko, wam'mwamba wopanda kanthu. M. anakwera padesiki kukoleka mapu a Afirika pamsomali wopanda kanthuwo, ine nditagwira desiki. Mapu pamwamba, chithunzi pansi, phunziro lonse mpaka belu. Ahedi a kumeneko atasuzumira anachita kutuwa milomo. Anatsitsa mapuwo okha, osalankhula kanthu. Kusalankhulako ndiye kumandidya.

Koma ndimadzitonthoza. Akanakhala kuti anakanena, bwenzi M. atapatsidwa sukulu?

Lachinayi, 14 Okotobala

Jafeti, uja amapikula mlamba wowamba kukagulitsa cha kumapiri, wandikokera kuseri kwa mabasiketi ake. Akuti ku Nansongole galimoto inatenga mphunzitsi sabata yatha, ali m'kalasi, choko chili m'manja. Dzina sadziwa. Akuti watsopano, wamagalasi, wa kuno kwa Mwambo. Kenako wakwera njinga n'kuti, "Ine sindinanene kanthu, achimwene."

Kabuku aka ndiyamba kukabisa m'denga.

Lachisanu, 15 Okotobala

Titatuluka kumzikiti ndapita kwawo kwa M. Amayi ake, a Alefa, ndawapeza akupeta mpunga okhaokha. Pakhomo paja pamadzaza anthu ngati pachigayo, lero ngakhale wopempha moto palibe. Ndapereka moni, ayankha akuyang'ana m'lichero. Ndafunsa za M. Akuti, "Ali bwino, ali kuntchito." Mpunga unali utayera kale koma amangopetabe.

Ndikunyamuka anena chapansipansi, "Mwanangu, musabwerenso kuno. Amayi anu ali ndi inu nokha."

Pobwerera ndadutsa njira yam'madimba, kuopa msewu. Ndalira pang'ono.

Loweruka, 16 Okotobala

Yabwera. Landirova yaboma, yobiriwira, yafika m'mudzi kufunsa Yusufu mwana wa malemu a Saidi. Ine ndinali kudoko kutsuka maukonde. Sindinaione. Ndangoona anjomba akubwera mothamanga, munthu woti sindinamuonepo akuthamanga, kanzu yawo yakumzikiti atainyamula m'manja. "Kwera bwato! Usafunse, kwera!"

Ndikulemba zino ndili pachimbowera cha anzawo a anjomba, kachisakasa koyandama pamulu wa mabango, mkatikati mwa nyanja. Kabuku amayi anakapeza m'denga n'kukakulungira m'nsalu limodzi ndi ufa, ankayesa ndi buku la sukulu. Ukaponda pansi pamanyenyeka. Mbali zonse mabango okhaokha, phiri la Chisi likungooneka kansonga.

Lamulungu, 17 Okotobala

Udzudzu. Utsi wa mlamba. M'mimba mwayamba kupota ndi madzi a m'nyanja.

Lolemba, 18 Okotobala

Asodzi a pano safunsa mafunso, ndipo ndikuwathokoza. Munthu akabwera pachimbowera ndi nsapato za sukulu amadziwa okha. Mmodzi wangoti, "Pano anagonapo wina wa ku boma, mvula yonse." Sindinafunse kuti anathera kuti.

Chakumasana kunamveka injini. Ndinalumphira m'madzi mpaka m'khosi, n'kubisala m'mabango ngati chule. Inali boti yonyamula anthu a ku Chisi. Anzanga aseka mpaka kugwira nthiti, kenako mmodzi wandithandiza kuchotsa misundu kumiyendo.

Ndikungoganiza za M. Ngati amufunsa za mapu, watchula amene anagwira desiki? Ine ndikanatchula. Ndikudzidziwa, khofi limodzi lokha ndikanatchula.

Lachiwiri, 19 Okotobala

Anjomba abwera ndi ufa ndi mchere, nkhope yonse kunyadira. Akhala pansi kufotokoza mmene anawapusitsira anthu a boma. Akuti m'galimotomo munali dalaivala, atcheya a nthambi yathu ya chipani amene anawalondolera pakhomo, ndi bwana mmodzi. "Kamunthu kafupi, kadazi, kanyamula ambulera dzuwa lonseli ngati kukugwa mvula. Kaulemu ndithu. Koma ameneo ndiye oopsa, aulemuwo."

Mtima unangoti phwi. Ambulera yakuda, chigwiriro chomanga ndi waya? Akuti eya.

A Chimbalanga. M'Zomba monse palibe wina woyenda ndi ambulera mu Okotobala.

Ndafunsa kuti munawauza chiyani. Anjomba akuti, "Ndinati mwanayo anawoloka kalekale, ali kwa abale ku Mozambiki. Akakusake kumeneko!" Aseka okha.

Kwa anjomba, tsidya lija ndi kwa azakhali, kumene timakagula chinangwa ndi kukwatirako. Akawoloka sadziwa n'komwe kuti malire ali pati. Koma munthu wa dipuloma akasowa m'mudzi n'kumveka kuti ali ku Mozambiki, dzina lake ndi limodzi lokha, chigawenga. Ndipo anena izi pamaso pa atcheya ndi dalaivala wa boma. Ndawafotokozera pang'onopang'ono. Kuseka kunatha. Akuti, "Ine ndimati ndikukupulumutsa, mjomba."

Bwana uja akuti pochoka anasiya mawu: akadzawolokanso mnyamatayo, akawapeze kuofesi kwawo ku Zomba lisanadutse Lachisanu.

Lachitatu, 20 Okotobala

Sindikudziwa. Mwina anabwera ndi positing'i. Mwina anawatenga kuti akandiloze, poti amandidziwa nkhope. Munthu wabwino nayenso ali ndi ana ake, akamuuza kuti kwera galimoto amakwera.

Ndikakhala kuno, bodza la anjomba lisanduka zoona, ndipo adzatenga iwo kapena amayi m'malo mwanga. Ndikapita, mwina ndikudzipereka ndekha ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Tsiku lonse ndakhala ndikusenda bango limodzi mpaka latha.

Ndawauza asodzi kuti mawa anditulutse.

Lachinayi, 21 Okotobala

Ndili kunyumba. Ndadutsa dala pakati pa doko, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, kuti aliyense andione. Ndapita kukapereka moni kwa atcheya. Ndati ndinali kunyanja kuvuula miono ya anjomba, iwo anangosokoneza ndi ukalamba. Atcheya andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti, "Ku Mozambiki udzudzu ndi wambiri, eti?" Aseka. Sindikudziwa ngati kunali kuseka kwenikweni. Anjomba awatumizira mlamba waukulu kwambiri pathandala.

Amayi andimeta tsitsi ndi lezala, akuti ndisakawapatse chifukwa china. Asita malaya oyera. Ayika bulangeti m'chikwama, ine ndachotsa, iwo abwezeranso. Palibe amene wanena kuti bulangetilo ndi la kuti.

Lachisanu, 22 Okotobala

Ndili moyo. Ndilembe bwinobwino.

Ndinakwera lole ya nsomba. Titafika pamphambano ija yopita kundende imene tonse timaidziwa, m'lole monse munangoti zii, aliyense kuyang'ana mapazi ake. Ngakhale amayi ogulitsa matemba, amene amalongolola kuchokera ku Kachulu, anatseka pakamwa mpaka titapitirira.

A Chimbalanga ndinawapeza okha. Ambulera ili pakona. Atandiona anatseka chitseko, n'kutsegula mpopi wa pasinki kuti madzi azichita phokoso. Akuti, "Iwe Yusufu, ukufuna kutiphetsa tonse? Ndapempha galimoto kwa sabata yathunthu kuti ndidzakutenge, ndikupeza malume ako akulalikira za Mozambiki!" Akuti iwo anauza dalaivala kuti anjombawo ndi ozungulira mutu, ndipo ku unduna ananena kuti anandipeza ndikudwala malungo. Ndikafunsidwa, ndinadwala malungo.

Ndinafuna kugwada. Ndinati zikomo kambirimbiri mpaka anandiletsa.

Kenako akuti malo apezeka. Jogalafe, Fomu 1 mpaka 4, nyumba ilipo, ndiyambe Lolemba. Ndafunsa kuti kuti. Ayang'ana pasinki. Akuti, "Nansongole."

Ndati, "Koma bwana, kumene kuja kuli Meshack."

Akuti, "Kumene kuja kulibe mphunzitsi wa Jogalafe. Malo ali opanda munthu, ana akungokhala. Dzina limenelo ine sindinaliphunzitsepo, ndipo iwe sunagonepo nalo chipinda chimodzi." Maso awo anali ofiira. Ndafunsa ngati ndi nkhani ya mapu. Akuti mapu ati? Sakudziwa chimene anamutengera, palibe amene akudziwa, mwina ngakhale omutengawo.

Ndati nanga ndikakana? Akuti ukakana adzafunsa kuti wakaniranji, ndiye uyankha chiyani? Anatseka mpopi.

Ndavomera. Miyezi yonseyi ndimapempha Mulungu kuti andipatse ngati zimene anapatsa M. Wandipatsa zomwezo.

Loweruka, 23 Okotobala

Kumudzi chimwemwe. Amayi aphika mpunga wa nkhuku, anjomba akuuza aliyense padoko kuti mphwawo ndi mphunzitsi wa sekondale. Dzina la sukulu ndawauza amayi okha. Anasiya kutafuna, kenako akuti ndidye, chakudya chikuzizira.

Ndinaganiza zopita kwa a Alefa. Ndikawauze chiyani? Sindinapite.

Lamulungu, 24 Okotobala

Nansongole. Nyumba ya malata, mpopi pakhomo, monga momwe ankanenera. Ahedi, bambo wonenepa wolankhula motsitsa, andipatsa kiyi akuyang'ana kumbali. Akuti katundu wa "amene analipo" anamuyika kusitolo ya sukulu. Koma kuseri kwa chitseko kwatsala patapata mmodzi, wabuluu, lamba womanga ndi msomali. Ndinamuthandiza ine kumanga lambayo.

Ndayala bulangeti la amayi pansi. Pabedi ayi.

Lolemba, 25 Okotobala

Fomu 2, phunziro loyamba. Ahedi andiperekeza, akuti ana inu, awa ndi aphunzitsi anu a Jogalafe, a Saidi. Ana aimirira, apereka moni, akhala. Sindinaonepo kalasi yachete chonchija.

Nditatembenuka ndinaona bolodi. Palibe amene analifufuta kuyambira tsiku lija, ngakhale aphunzitsi ena amangolemba m'mbalimbali. Pakati pali nyanja ya Chilwa, dzanja la M. lenileni, mitsinje yolowa ili ndi mayina ake, Domasi, Likangala, Phalombe. Dzina la mtsinje wotsatira linathera pakati.

Ahedi andipatsa dasitala. Akuti, "Yeretsani bolodi, a Saidi, tiyambe bwino." Aima pakhomo. Ndinayang'ana kaye khoma, msomali ndi umodzi wokha, chithunzi chili pamalo pake. Ndafufuta. Zonse, mpaka m'makona. Fumbi la choko linandilowa pakhosi, ndinatsokomola nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Ahedi agwedeza mutu, apita.

Ndafunsa ana kuti munalekezera pati. Zii. Ndatsegula silabasi, ndapeza kuti palibe kothawira, mutu wake ndi womwewo, nyanja yopanda mtsinje wotuluka. Ndatenga choko kuti ndijambulenso. Nyanja yoti ndinabadwira m'mphepete mwake, ndagonamo sabata yathayi, koma mzere umangopita kwina. Ndafufuta, ndayambanso. Wakhotanso.

Panja panadutsa galimoto. Mitu yonse inatembenukira kuwindo, wanganso. Inali thirakitala ya kuesiteti.

Kenako kumbuyo mtsikana wina wakweza dzanja pang'ono, losafika ndi paphewa pomwe. Akuti, "Sala, aphunzitsi a Me..." Wadukiza. Mnzake wamugwira mkono. Koma mtsikanayo wapitiriza, akuti, "Amayambira pa Chisi, sala. Akuti ukayika chilumba kaye, nyanja imabwera yokha."

Ndinayang'ana pakhomo. Panalibe munthu.

Ndayambira pa Chisi.