Nambala ya pa Sikelo

KOMITI YOTETEZA SHEDI YA SIKELO
Zolembedwa za msonkhano wachisanu ndi chiwiri

Tsiku: Loweruka, 9 Novembala
Malo: M'shedi momwemo, msewu wa kusiteshoni
Nthawi yoyamba: 9:20 m'mawa

Opezekapo: Wapampando (mphunzitsi wamkulu wopuma, amenenso ndi mlamu wa Mlembi); Mayi a Golosale (wachiwiri kwa Wapampando); a Telala; Anamwino; a Njanji (ankatsegula mageti a sitima); Mlembi (anayeza thonje pa sikelo ino zaka makumi anayi ndi chimodzi).

Osapezeka: a Kalipentala (akudwala, anatumiza mawu), Ometa (sanatumize mawu, koma amaoneka ali pa khonde lawo).

1. Kutsegula

Anamwino anatsegula ndi pemphero lalifupi. Mvula itayamba, mabenchi anasunthidwira mbali ya kummawa kumene sikudontha.

2. Zolembedwa za m'mbuyomu

Msonkhano wachisanu ndi chimodzi sunalembedwe chifukwa Mlembi anagonekedwa m'chipatala ndi mwendo, choncho anawerenga za wachisanu. Wapampando anadandaula kuti zonse ndi zilembo zikuluzikulu ngati munthu akukalipa. Mlembi anati zilembo anaphunzirira pa matumba a thonje, pamene panalibe zing'onozing'ono, ndipo palibe thumba linasochera. Zinavomerezedwa.

3. Za ku khonsolo

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti malo a shedi anagulitsidwa kwa munthu wofuna kumanga pomwetsera mafuta, ndipo katapila abwera kutha kwa mwezi uno. Anati ofesala wa mapulani anawauza kuti mpata watsala umodzi: nyumba yokwanitsa zaka zana sigumulidwa. Kalata yopempha ifike Lachisanu likudzali, pamodzi ndi zolembedwa za msonkhano umene wavomereza kalatayo, zosainidwa ndi Wapampando ndi Mlembi.

Mayi a Golosale anapempha kuti zilembedwe kuti golosale yawo inatsamira khoma la shedi, ndiponso kuti amayi asanu ndi anayi amagulitsa anyezi ndi makala pansi pa dengali. Zalembedwa.

4. Kalata

Wapampando anawerenga kalata imene iye mwini anailemba pamene Mlembi anali m'chipatala. Kalatayo ikuti mzinda uno unayambira pa sikelo ino. Alimi ankabwera ndi ngolo za thonje n'kugona pa mzere masiku atatu. Amayi anayamba kuwaphikira, msika n'kubadwa. Osula anabwera kudzakonza magudumu. Sitima inayamba kuima. Pambuyo pake boma linasamutsira kuno likulu la chigawo, poona kuti anthu ali kale kuno. Ikutinso fakitale ya thonje itatsekedwa sitima inaleka, ndipo lero mzinda ukupumira malipiro a m'maofesi, kaunjika ndi njinga zamoto. Mlembi anati kufika pamenepo kalata ndi yoona yonse.

Ndime yomaliza ikuti shedi inamangidwa m'chaka cha 1910, umboni wake ndi nambala imene ili pa chitsulo cha pachifuwa cha sikelo.

Mlembi anapempha kuti ndimeyo iwerengedwenso. Itawerengedwa anati: "Alamu, chimenecho si chaka."

Wapampando anafunsa kuti ngati si chaka ndi chiyani. Mlembi anati ndi nambala ya sikelo, imene woyendera masikelo wa boma ankaifufuza m'buku lake asanadinde chidindo. Anati sikelo ya kusiteshoni inali 1911, ndipo ya kudepoti ya kumtunda inali 2340. Anafunsa ngati ya kumtundayo inapangidwa m'chaka chimene sichinafike.

A Telala anaseka, kenaka anapepesa.

Wapampando anati anaphunzitsa mbiri zaka makumi atatu ndipo chaka amachidziwa akachiona. Mlembi anati sakutsutsa za m'kalasi poti sanalowemo, koma sikelo imeneyi anaitsitsa nawo m'sitima ali mnyamata wongoyamba ndevu, shedi itangotha kufoleredwa. Anati chaka chimene anabadwa sachidziwa, koma zaka zana sanafike, ndipo mlongo wa Wapampando sakanakwatiwa ndi munthu wotero.

A Njanji atafunsidwa za sikelo ya kusiteshoni anati maso awo anatha. Atafunsidwanso anati inali 1911.



Anamwino anafunsa ngati alipo wina mu mzinda amene akudziwa zimenezi. Mlembi anati oyeza anzake onse anamwalira, ndipo woyendera masikelo anamwalira kale iwo asanayambe kumwalira. A Telala anati ndiye palibe vuto. Anati chigamba chikasokedwa bwino mwini thalauzi yekha ndiye amadziwa. Anati ofesala wa mapulani ndi mwana wa dzulodzuloli, adzabwera, adzajambula nambala ndi foni, basi nkhani yatha.

Wapampando anati tsopano avomera kuti mwina analakwitsa, koma kalata ipite momwemo. Anati bodza lake n'laling'ono, kuwonjezera zaka makumi atatu zokha kuti zikwane zana, pamene zonse zotsala ndi zoona. Anapempha Mlembi kuti asadzipatule, poti mutu umodzi susenza denga. Mlembi anati akudziwa. Denga lino analisenza anthu khumi ndi awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali m'bale wake.

Mayi a Golosale anapempha kulankhula ataimirira. Anati: "Bambo, ine ndakulira m'manja mwanu. Mayi anga ankaphikira a ngolo pakhomo paja, inu munkawasungira nkhuni m'kati muno. Sindikuti muname. Ndikuti tsinzinani kamodzi kokha."

Mlembi anayankha kuti mawu amenewo anawamvapo kale kwa bwana wa depoti, chaka chimene thonje linagwa mtengo, pomuuza kuti azichotsa kilo imodzi pa thumba lililonse poti alimi sadziwa kuwerenga. Anati anakana, anamutsitsa n'kukhala wosesa miyezi isanu ndi itatu, mpaka alimi anakana kuyeza kwa wina. Anati anthu sanamange mzinda pano chifukwa cha malata. Ankadutsa madepoti awiri apafupi n'kubwera kuno poti sikelo ino sinkanama. Anati akaitchingira ndi bodza ndiye kuti wapulumutsa malata okha.

Mayi a Golosale anati malatawo ndi amene akutchinga anyezi ku mvula. Mlembi anati ndi zoona.

Panachitika voti yotumiza kalata ndi 1910. Ovomera: anayi. Okana: mmodzi. A Njanji sanakweze dzanja kulikonse.

5. Za zolembedwa zino

Wapampando anati popeza zolembedwa zino zipita ku khonsolo pamodzi ndi kalata, Mlembi alembe pa mfundo yachinayi kuti kalata inawerengedwa ndi kuvomerezedwa, zinazo asiye. Mlembi anati voti wailemba monga inagwera ngakhale inamugwera iyeyo, ndipo zolankhulidwa azilemba monga zinalankhulidwira.

A Telala anati ndiye pasankhidwe mlembi wina. Anamwino anawerenga malamulo a komiti, amene amati maudindo amasinthidwa pa msonkhano wa pachaka wokha, mu Malichi. A Telala anafunsa kuti lamulo lopusa chonchi anabweretsa ndani. Zinapezeka kuti ndi a Telala.

Wapampando anati: "Alamu, mukudziwa chimene mukuchita? Mukugumula ndi dzanja lanu." Mlembi anati akudziwa.

Mlembi anapereka maganizo akuti kalata ipite yopanda chaka, inene zoona kuti shedi ili ndi zaka ngati makumi asanu ndi awiri koma mzinda unayambira pano, ndipo iye ndi wokonzeka kukaima pamaso pa khonsolo kufotokoza. Wapampando anati fomu ya khonsolo ili ndi bokosi la chaka, ilibe bokosi la nkhalamba. Maganizowo sanapeze wowathandizira.

Wapampando anapinda kalata n'kuika m'thumba la jekete. Anati kutumiza kalata yonena 1910 pamodzi ndi pepala lonena kuti 1910 si chaka n'kudzichititsa manyazi kawiri. Kalata siipita.

6. Zina ndi zina

(a) Anamwino anadzipereka kukafunsa kwa mkulu wa msika ngati amayi asanu ndi anayi aja angapezeredwe malo kuseri kwa mabutchala.

(b) Mayi a Golosale anapempha a Telala kuti awafunsire kwa a Kalipentala ngati mashelefu awo angachotsedwe osathyoka. Anapemphanso kuti asadzalembedwenso pa opezekapo.

(c) Mlembi anapempha thandizo lonyamula miyala ya sikelo, zitsulo zisanu ndi chimodzi zoyezera, kuti isapite kwa ogula zitsulo zakutha. Pambuyo pake a Njanji anati wilibala yawo ilibe mpweya koma ikuyenda, abwera nayo Lolemba.

(d) Mayi a Golosale anafunsa Mlembi kuti kuyambira mwezi wamawa azikakhala kuti m'mawa, poti chipumire ntchito amafika pano isanakwane 7 koloko kudzapukuta sikelo.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 14 Disembala, 9 koloko m'mawa. Malo sanatchulidwe.

8. Kutseka

Pemphero lotsekera silinachitike. Msonkhano unatha 11:05, mvula isanakate.

Wapampando: ..............................
(Anavala chipewa n'kutuluka. Pakhomo anati mlongo wawo, mkazi wa Mlembi, akamve zimenezi kwa Mlembi yemwe, osati kwa iwo.)

Mlembi: WASAINA.