Ndanamizira mkamwini chifukwa cha dishi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno tilipo. Thoko, mdzukulu wanu uja munkamuti wamanyazi, wabereka wachiwiri, mnyamata. Mphuno ndi yanu yeniyeni, pepani. N'chifukwa chake ndinachoka ku South Bend kudzakhala nawo kuno ku Lawrence, mbali ya Indianapolis, kuti ndizilera. Kuseri kwa nyumba ndinadzala maungu, nkhwani ndathyola mpaka kugawira azungu oyandikana nafe, amene sankadziwa kuti masamba ake amadyedwa.

Koma sindinakhalire pansi kulemba za nkhwani. Ndachita chinthu chochititsa manyazi, Amayi.

Mchimwene wake wa Thoko, Limbani, anatsala ku South Bend. Ndi nesi, ndipo amadraiva m'mamawa kupita kuchipatala. Kumeneko chipale chofewa chikagwa msewu umaterera ngati therere. Ndili konko, ndinkatsegula TV ya m'deralo, ndikaona kuti kwaipa ndinkamuuza kuti, "Iwe, pang'onopang'ono lero." Iye ankaseka, koma ankamva.

Nditafika kuno, amuna ake a Thoko, bambo a Tadala, anandikhomera dishi, chimbale chija chokoka zithunzi kumwamba. Kampani yake yomweyo, rimoti yofanana. Nditsegule, South Bend kulibe! Angondidzazira nkhope zachilendo zokamba za mipikisano ya magalimoto ku Speedway. Ndinatuma Thoko kukafunsa, poti mpongozi sangapanikize mkamwini maso ndi maso. Yankho linabwera lakuti, "Akuti lamulo silikulola."

Lamulo? Dishi imene imakoka mpira wa kutsidya kwa nyanja ilephere South Bend, pamphuno pomwepa? Ndinati ayi, munthuyu sakufuna ndizikumbuka mwana wanga. Inu munkandiuza ndili mtsikana kuti ndizimeza kaye malovu ndisanayankhe. Sindinameze. Pamsonkhano wa amayi a kumpingo ndinayala zonse, n'kuthirako mchere monga mukundidziwira. Ndinati mkamwini wanga wanditsekera kukhosi, wandidulira mwana ngati akudula magetsi. Amayiwo anaseka mpaka misozi, ine n'kumamva kukoma.

Sabata yatha tinapita kukaona mayi wina wodwala, Nachisale, amenenso anasamuka ku South Bend kalekale. Ndinamupempha anditsegulire nkhani zakwathu kuja. Anandiyang'ana modabwa. Akuti boma la kuno linagawa dziko m'zigawo, ndipo kampani ya dishi imaloledwa kukupatsa matchanelo a dera limene nyumba yako ili basi. Ukasamuka, a kumene wachoka amatsala. Ngakhale ulire pafoni, sasintha. Iyenso analira pa nthawi yake.

Amayi, nditabwerera ndinafunsa Thoko bwinobwino, ndipo anandiuza kuti mwamuna wakeyo anaimbira kampaniyo kangapo, kuichonderera chifukwa cha ine. Mkamwiniyo sanandiuze, poti ine sindinkamupatsa mpata.

Tsono choipa n'chakuti nthano yanga inayenda. Lamulungu likubwerali akusankha akulu ampingo, ndipo dzina la bambo a Tadala linali pakamwa pa aliyense. Pano ndamva amayi ena akunong'onezana kuti munthu wozunza apongozi ake sangaweruze mabanja a anzake. Iye akudziwa. Akabwera kuntchito amandipatsabe moni atapinda mawondo, "Mwaswera bwanji, amayi?" Bola akanandilalatira.

Ndinapepesa kudzera mwa Thoko, iye n'kuyankha kuti zapita. Sizinapite. Dzina lake ndinaliipitsira pagulu, kupepesa kwa kukhitchini sikungalitsuke.

Loweruka amayi aja akukumananso. Ndikuopa, sindikubisirani, poti ine kuimirira pagulu ndinazolowera kuseketsa anthu, osati kunena kuti ndinanama. Koma ndikukulonjezani kuti pemphero loyamba likangotha ndidzaimirira, tiyi asanabwere, onse adakali chete. Ndidzanena zonse mopanda mchere, ndipo sindikhala pansi mpaka womaliza atamva kuti mkamwini wanga sanandilakwire.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati