Jezi ya Madalitso yapachikidwa kukhoma

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ku Leicester ndilipo, ngakhale mtima suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa inu mumati mlendo wanzeru satsogoza nkhani yowawa asanapatsidwe mpando. Mkazi wa msuweni wanga Yohane wachira ku Ntcheu. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pa chithunzi chimene anatumiza pa foni, chipumi ndi chanu chenicheni. Chimanga chachita bwino m'munda wa kudambo, koma wa kumtunda uja mbozi zinaugwira. Kuno kuseri kwa nyumba, maungu amene munadzala m'zidebe aja anameranso okha, ndipo tinadyako nkhwani chisanu chisanauwotche. Mmwenye wa ku Limbe uja, wa sitolo ku Spinney Hill, amakufunsanibe ndikapita kukagula ufa. Amaiwala, kenako amakumbukira, n'kundionjezera usipa pang'ono.

Zabwino zathera pamenepo. Chanditengetsa cholembera ndi mwana wanu Madalitso.

Mukuidziwa timu ya basiketibo ya kuno ku Braunstone, imene wakhala akuisewerera kuyambira pamene anafika m'dziko muno. Si timu yotchuka. Ndi anyamata onyamula katundu m'mafakitale ndi osamalira okalamba, amene amathamangitsana Loweruka akapuma ku ntchito. Tsopano bondo lamukana Mada, ndipo wasiya kusewera. A komiti anaganiza zomuchitira zimene amachitira akatswiri: kutenga jezi yake ya nambala 8, kuiika m'galasi, n'kuipachika pamwamba kukhoma la holo, kuti munthu wina asadzavalenso nambala imeneyo. Amati kupumitsa nambala. Munthu ali moyo, Amayi, akudya, akukwera basi kupita ku ntchito, koma malaya ake a thukuta akulambiridwa.

Ine ndili m'komitimo chifukwa ndine nesi, ndipo wina akavulala ndine ndimamanga bandeji. Tinakumana Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, kunyumba kwa a Gondwe, apampando athu, ku Oadby, kumene munthu amavula nsapato pakhomo poopa kapeti. Woyamba kutsutsa anali Mulenga, mnyamata wa ku Zambia uja amene amagoletsa kwambiri ndipo amafuna aliyense adziwe.

"Ba tcheya, tikambe zoona," anatero. "Mada analowetsa bola kangati? Ntchito yake inali kukankha anthu na kuimirira patsogolo pawo. Manje ngati tipachika jezi ya munthu wotere, mawa tidzapachika na ya wonyamula madzi."

Mulenga ameneyo mpira ankaupeza bwanji? Si Mada ankaulanda kwa adani n'kumuponyera m'manja? Iye akamavina atagoletsa, mwana wanu amakhala akudzuka pansi, mlomo utang'ambika. Zala zake zokhota zija ndinazimanga ine. Munthu woopsa wa timu ina iliyonse ankamupatsa Mada, ndipo ankamukakamira ngati nkhupakupa mpaka munthuyo n'kuyamba kutukwana oimbira. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti pa ukwati amatamanda wovina, wotunga madzi samuona. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimuikire kumbuyo mlongo wanga.

A Gondwe anandiphangira.

"Mulenga, khala pansi," anatero. "Waiwala Loweruka lija ku Derby, tsiku limene tinatenga chikho? Chimphona chawo chija, chimene chinkatigoletsa mmene chikufunira, chinachita chiyani tsiku lija? Mada anachitsekera njira zonse. Ndipo musaiwale, anzanga, tsiku limenelo mayi ake anali gone m'chipatala, koma iye anabwera. Kudzipereka kumaposa pamenepo? Pa mwambo wathu nkhani imeneyi ndiyo tidzaike patsogolo."

Anthu anawomba m'manja, Amayi. M'chipinda chochezera cha a Gondwe, makapu a tiyi ali patebulo, anthu anawombera m'manja tsiku limene inu munamwalira.

Inu simukudziwa zonse za tsiku lija, chifukwa m'mawa munali m'tulo. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndiitane abale. Ine ndine nesi, sanafunikire kundimasulira. Ndinamupeza Mada pakhonde la wodi, chikwama cha mpira chili kale paphewa. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti lero sakuyenera kuchoka. Anayang'ana nsapato zake.

"Achemwali, ndipita n'kubwera. Derby si kutali. Palibe wina angamugwire mkulu uja."

"Mada, amayi akupita."

"Mwakhala mukutero sabata yonse."

Analowa, anakugwirani dzanja pang'ono, n'kutuluka. Masana munadzuka. Munandifunsa kuti Mada ali kuti, ndipo ndinakuuzani zoona, kuti ali ku mpira. Koma chitseko chikangotseguka mumatembenuza mutu, ngakhale kutembenukako kunkakupwetekani. Analowa mayi wokolopa, munatembenuka. Analowa wogawa tiyi, munatembenuka. Munatisiya dzuwa likadali pawindo. Ndinaimba foni yake mpaka dzanja kutopa, koma inali m'chikwama pansi pa benchi. Anafika madzulo, jezi yomweyo ya nambala 8 ili m'kati mwa jekete, mendulo ikutulukira m'thumba. Chiyambire tsiku limenelo, ine ndi iye timalankhulana za mabasi ndi za nyengo basi.

Ndiye ndinaimirira pakati pa msonkhano. Mawu anga sananjenjemere, ndipo ndikunyadira zimenezo.

"A Gondwe, tsiku limenelo amayi sanali gone chabe. Anamwalira. Inu mukukweza chikho ku Derby, ine ndinali kuwatseka maso."

Kenako a Gondwe anakonza magalasi awo n'kunena ndi mawu ofewa, aja amene anthu amalankhulira wodwala: "Pepani kwambiri, mayi. Koma zimenezo ndi za m'banja. Ife pano tikukamba za mpira."

Za m'banja. Iwo ndi amene anakutulutsani m'chipatala n'kukuikani m'nkhani yawo kuti ikome, koma ine nditangonena mmene inathera, zasanduka za m'banja. Bambo amenewa anabwera pa maliro anu kuno, anapemphera pemphero lalitali, anadya. Lero imfa yanu aisandutsa ndiwo zodyera chikho chawo.

Mulenga naye anaona ngati wapeza mnzake. "Mwaona? Na sisita wake akana."

Ndinamutembenukira. "Iwe usandiwerengere kumbali yako. Popanda Mada iwe ukanakhala munthu wamtali chabe wovala kabudula." Wina anaseka, koma ine sindinanenere kuseketsa.

Pokweza manja, ambiri anavomera. Okana tinali ine ndi Mulenga, ndipo dzanja langa kukhala m'mwamba limodzi ndi lake kunandinyansa kuposa kugonjako. Ndinavala nsapato zanga pakhomo n'kukadikira basi, ngakhale a Gondwe anati andiperekeza pa galimoto.

M'kati mwa sabata Mada anabwera kunyumba, akutsimphina. Ndinali nditangoweruka, yunifolomu ndisanavule. Anaima pakhomo la khitchini osakhala pansi.

"Achemwali, akuti munakana."

"Eya."

"Ndiye kuti kwa inu sindinkasewera bwino?"

"Unkasewera bwino. Palibe amene ankatchinga ngati iwe, ndipo ndinamuuza Mulenga pamaso pa anthu."

"Nanga bwanji?"

Ndinapitiriza kutsuka mbale. Kenako anafunsa funso limene sanandifunsepo chiyambire maliro.

"Kodi anandifunsa?"

Ndinatseka mpopi. Ndinamuuza zonse, Amayi, za mayi wokolopa, za wogawa tiyi, za khosi lanu. Sindinamuchotsere kanthu kuti zimupepukire. Anakoka mpando n'kukhala, manja ake akuluakulu aja ali pa mawondo.

"Ndinkaopa," anatero. "Sikuti ndinkafuna chikho. Sindinkafuna kuona."

Tamvani zimenezo. Munthu amene ankaima chilili kutsogolo kwa zimphona zikumuthamangira, amene ankaika nthiti zake kuti ziwombedwe, ankaopa bedi la m'chipatala ndi mayi wokalamba wopepuka ngati nkhuku. Mwina inu mukanamukumbatira pamenepo, chifukwa kwa mwana ameneyu munali wofewa kuyambira kale. Ine ndinamufunsa ngati akuganiza kuti ine sindinkaopa. Ndinamuuza kuti ntchito yake yonse pa mpira inali kuima pamene anzake sakufuna kuima, ndipo tsiku limodzi lokha limene inu munafuna kuti aime, anathawa n'kundisiyira ine. Analira. Ndinamuikira tiyi patsogolo, chifukwa simunandilere kuti munthu atuluke m'nyumba mwanga kukamwa kuli gwa, koma sindinamugwire paphewa.

Ku mwambo sindinkafuna kupita. Koma mdzukulu wanu Tamanda walowa timu ya atsikana, ndipo iwo ndi amene ankatsegulira masewero tsikulo. Wakula, wandipitirira msinkhu, Chichewa amamva chonse koma amandiyankha m'Chingerezi monga munamusiyira. Sindikanamusiya yekha. Holo inadzaza. A Gondwe, atavala suti, anatenga chimkuzamawu, ndipo monga ndinkayembekezera, anayamba: "Loweruka lina ku Derby..." Mada anadzuka pa benchi, anatsimphina mpaka pamene panali a Gondwe, n'kuika dzanja pa chimkuzamawucho. Onse tinamumva. "Bambo, nkhani imeneyo isiyeni." A Gondwe anaseka mwamanyazi, anasanthula mapepala awo, n'kulumphira pa zothokoza. Mnyamata wina anakwera makwerero n'kupachika jezi ija. Anthu anaimirira kuwomba m'manja, ndi Mulenga yemwe, amene anawomba mokweza kuposa onse pamene anaona kuti akujambulidwa. Ine ndinakhala pansi, manja ali pa chikwama.

Musaganize kuti kutseka pakamwa a Gondwe kwandifewetsa. N'chinthu chochepa kwambiri chimene akanachita, ndipo wachichita mochedwa.

Mukandifunsa ngati mwana wanu anayenera ulemu umenewu, ndikuyankhani monga ndinayankhira iye. Pa za mpira, anayenera. Aja amene amati wotchinga si wosewera sanamangepo chala chothyoka cha munthu amene akupempha kuti abwerere m'bwalo. Akanapachika jezi ina iliyonse imene anavalapo, mwina ndikanawomba nawo m'manja. Koma apachika yomweyo, Amayi, imene inalowa m'wodi madzulo aja inu mutazizira kale. Tsopano Loweruka lililonse m'mawa ndimamuperekeza Tamanda ku holo yomweyo. Akochi ake akuti ali ndi mapazi a amalume ake, amakakamira munthu osamusiya, ndipo mwanayo akamva zimenezo amayang'ana kukhoma n'kumwetulira. Sindinamuuze kanthu, ndipo sindimuuza. Ndinapeza mpando wa pansi penipeni pa galasilo, pamene munthu ukakhala sungaione jeziyo, ndipo ndimakhala pamenepo.

Mumakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Sichinaole, Amayi. Changondiima pakhosi.

Chilimwe chikubwerachi ndibwera ku Ntcheu kudzakumangirani chiliza. Tchuthi ndapempha kale ku ntchito. Mada watumiza uthenga kuti nayenso akufuna kubwera, akuti adzanyamula njerwa ndi bondo lakelo. Sindinamuyankhe, koma sindimuletsa, chifukwa ndinu mayi ake. Chimene ndikukulonjezani n'chakuti ndidzasesa pamene mwagonapo ndi manja anga, ndipo sindidzakangana naye pamutu panu. Kupitirira apo sindilonjeza, chifukwa sindinayambe ndakunamizanipo.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu woyamba,
Linesi