Anyezi wa Tsiku la Kadamsana

Wokondedwa mng'ono wanga Karsan,

Ndikhulupirira uli bwino ku Surat. Kuno matupi ali bwino, nzeru ndiye zadwala.

Mpongozi wathu Hetal wabereka mwana wamkazi. Kamwana ka m'diso lake lamanzere n'kong'ambikira pansi ngati bowo la kiyi. Adokotala akuti disolo silinatsekeke bwino ali m'mimba, koma likuona. Alamu ako a Jasoda, madokotala aakulu a pakhomo pano, agamula kuti n'chifukwa choti Hetal anadula anyezi tsiku la kadamsana ali ndi pakati. Akuti, "Abwerere kwawo, ndi mpeni wakewo!" Bambo wa khandalo, nkhosa yathu ija, wangotsatira za amake.

Hetal akumukweza basi Lachisanu. Iwe ufike Lachinayi. Magalasi akuda amene umabisira diso lako lamanzere long'ambikalo aja uwasiye ku Surat. Paja amayi athu anyezi sankamukhudza n'komwe.

Ndine mkulu wako,
Dhanji