Mbuzi Zadya Nsawa za Mbewu

Amake Yosefina,

Musakuwe mukaona mphasa ili mbee. Nsawa za mbewu munayanika zija zadyedwa ndi mbuzi za a Jonah, ine ndili pakhonde pomwepo. Mlandu ndi wa buku lanu lachikondi lija, lomwe ndimati ndi la anthu osowa chochita. Ndimati ndingosuzumira tsamba limodzi, koma podzutsa mutu ndapeza mbuzi zikunyambita milomo. Pepani ndithu.

Ndapalasa njinga kupita ku Kasenengwa kukapempha zina kwa achimwene. Inu tolani zochepa zimene zagwera pansi, ndipo madoda anzanga akutchalitchi asamve zimene ndimawerenga.

Bukulo ndanyamula. Namwino ujatu akupusitsidwa ndi dalaivala wabodza uja, pomwe mphunzitsi ndiye akumukonda zenizeni! Akakwatiwa ndi dalaivalayo, ndibwera wokwiya kuposa inu.

Ine wanu,
Enoch