Za Mwezi Sindipepesa

Mwambo, Zomba

Okondedwa asuweni a Jafeti,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bulawayo kumeneko. Kuno mpunga wacha, ngakhale mbalame zatengapo gawo lawo.

Kalata yanu ndalandira. Mukuti ndipite kwa akulu a mpingo ndikapepese, kuti tsiku langa likadzafika adzandiyimbire nyimbo. Ndikapepese chiyani? Mu 1972 ndinauza ana anga a sukulu kuti anthu aponda pamwezi. Akulu anati ndanyoza Mlengi, nandichotsa mumpingo. Inu munali pomwepo, asuweni, ndipo simunatsegule pakamwa.

Sabata yatha Veronica, mwana wa mlongo wanga, anandionetsa kanema wa maulendo a kumweziwo pa foni yake. Ndinawaona ndi maso angawa: amuna awiri ovala zoyera, akudumpha ngati ana a mbuzi, wina nagwa, nadzuka yekha. Dothi lake lotuwa, lopanda mtengo, ngati nyanja ya Chilwa chaka chimene inaphwa, tikupita ku chilumba cha Chisi wapansi. Amenewo ndiwo amuna. Anapita kumene sanaitanidwe, ndipo pobwera sanapepese munthu.

Za kuchipatala sindilemba zambiri. Adokotala anandibweza ndi mankhwala ochepetsa ululu okha. Zotsalazo tidzakamba mukabwera, koma musadikire mvula.

Akulu amene alipo lerowa akafuna mtendere, abwere adzaone kanemayu pakhonde langa, apepese ndi iwo. Akakana, mudzandiike chete. Veronica ndamuuza kale chimene adzaonetse anthu pasiwa m'malo mwa nyimbo.

Ine msuweni wanu wosasintha,
Brighton Namakhwa