Bambo Akufuna Kubwereka Pakamwa Pako

Wokondedwa mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya, kapena ukusutabe fodya uku ukunamizira fumbi la kuntchito? Kuno ine ndi alamu ako tili bwino, ana akungotha nsapato.

Nkhani ndi ya bambo. Chigwereni ndi sitiroko m'shopu yawo yometera muja, dzanja lamanja silinadzukebe, ndipo mawu anapitiratu. Tinawasamutsira m'chipinda chapafupi ndi khomo. Akavomera amandifinya dzanja, akakana amatembenukira kukhoma. Adokotala sanandibisire, akuti matendawa akabweranso sadzawasiya.

Tsono imva izi. Bambo omwe aja, amene ankati iwo amameta tsitsi lokha pamene abusa amameta ndi m'matumba momwe, akufuna kubatizidwa! Anayamba ndi kuloza buku la nyimbo la malemu mayi. Ndinawafunsa mobwerezabwereza, masiku osiyanasiyana, kuopa kuti ndikungomva zofuna zanga. Ankandifinya mpaka mphete kundipweteka.

Abusa anabwera. Anati lamulo la mpingo ndi lakuti munthu avomereze chikhulupiriro chake ndi pakamwa, anthu onse akumva. Akulu ampingo anakokanakokana, mapeto ake analola kuti mmodzi wa m'banja aime pambali pa bambo, aziyankha mafunso m'malo mwawo, iwo atamugwira dzanja.

Ine ndinati basi zatheka, mpaka ndinasita diresi. Koma nditawauza kuti ndiyankha ndine, anatembenukira kukhoma. Ndinatchula alamu ako, kukhoma komweko. Kenako analoza chithunzi chako chili pamwamba pa kabati.

Ndinawakumbutsa kuti iwe unanena poyera, pamaliro a mayi, kuti za Mulungu sukhulupirira. Anavomera kuti akukumbuka. Zinandiwawa, sindinama. Ine wowasambitsa, wowadyetsa ndi supuni, woimba kwaya chiyambire utsikana, andidumphe n'kusankha iwe? Ndinakalirira kubafa, mpopi nditatsegula kuti ana asamve.

Mtima utatsika ndinabwerera kukawafunsa bwinobwino. Ndinafunsa ngati akufuna kukukokera m'tchalitchi mochenjera. Anakana, mpaka anaseka ndi theka la nkhope lomwe likugwira ntchito. Ndiye ndinafunsa ngati akuopa kuti ndikayankha ine, anzawo akushopu azidzati mwana wapezerapo mwayi pa nkhalamba yosalankhula. Anandigwira dzanja osalisiya, misozi ikutsikira m'khutu.

Mlongo wanga, sindikukupempha kuti usinthe maganizo, ndipo iwonso sakupempha zimenezo. Ine ndikanena kuti bambo akhulupirira, anthu akayika. Iwe aliyense amakudziwa kuti sunena inde wongosangalatsa munthu. Liuma lako lomwe linatichititsa manyazi lija ndi limene akulifuna lero.

Ukafika udzawafunse wekha, chitseko chili chotseka, ine ndili panja. Ukadzaona kuti ndawakakamiza, udzanene pamaso pa mpingo wonse, manyaziwo ndidzameza. Koma ukadzaona kuti ndi zochokera mumtima mwawo, chonde udzawabwereke pakamwa pako.

Upereke moni kwa mlamu wanga ndi kamwanako. Mulungu akusunge. Ndikudziwa kuti wakwinya nkhope, koma ndalemba kale basi.

Abusa akuti ubatizo udikira iweyo. Za matendawa sindikudziwa ngati adikira.

Ndine mlongo wako wamkulu.